Katundu akutiwonongekera mu cold room chonsecho FIFO tikutsatira, vuto lili pati?

Chisomo: Moni nonse pagulu pano, ndithandizeniko nzeru akuluakulu madzi afika mkhosi. Ndimayang'anira sitoko pa kampani ina yogawa zakudya m'mashopu, timasunga yogati, mkaka wa fresh, tchizi, masoseji, nkhuku za mu firiza komanso zipatso ndi ndiwo zamasamba pang'ono. Mwezi ndi mwezi tikutaya katundu wambiri moti bwana wayamba kuyankhula ngati ndikuchita dala, chonsecho FIFO timaitsatira ndithu, chomwe chayamba kulowa ndi chomwe chimayamba kutuluka, anyamata onse amadziwa zimenezi. Koma tikamawerenga sitoko kumapeto kwa mwezi timapeza makatoni a yogati deti inapita kale, ena deti isanakwane nkomwe koma zivindikiro zitatupa. Nde vuto lili pati?

Thoko: Achimwene ndiyambe ndafunsa kaye. Katundu akafika mumalemba chani mu sisitimu kapena mu buku lanulo?

Chisomo: Dzina la katundu, makatoni angati, tsiku lomwe wafika ndi nambala ya invoisi. Deti yothera sitilemba poti ili kale pa katoni.

Thoko: Basi ndi pomwepo. FIFO imayenda bwino ngati katundu wofika lero ali watsopano kuposa wofika sabata yatha, koma pa zakudya sizikhala choncho nthawi zonse. Sapulaya wanu nayenso ali ndi weyahausi yake ndi mavuto ake, akhoza kukutumizirani Lolemba yogati wotsala ndi masiku 25, Lachinayi nkukubweretserani wotsala ndi masiku 12 yemwe anakhalitsa kwa iye. Inu potsatira FIFO mutulutsa wa Lolemba uja poyamba, wa Lachinayi nkumadikira mzere mpaka kufera pa paleti. Chofunika kwa inu ndi FEFO, chomwe deti yake ithe msanga chiyambe kutuluka olo chitafika mmawa womwewo. Koma FEFO siingatheke ngati deti ili pa katoni pokha, chifukwa munthu wolemba oda yotulutsa katundu ali pa tebulo, makatoni sakuwaona. Mzere uliwonse mu buku ukhale ndi katundu, nambala ya bachi (gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi), deti yothera ndi malo omwe mwamuika. Yogati mmodzimmodzi yemweyo akabwera ndi ma deti awiri, imeneyo ndi mizere iwiri ndi mapaleti awiri, osasakaniza.

Mai Nabanda: Zomwe wanena Thoko ndi zoona koma achimwene a Chisomo mwatchula mavuto awiri osiyana ndipo musawaphatikize. Makatoni opita deti ndi vuto la kayendetsedwe ka sitoko, limenelo FEFO ithana nalo. Koma yogati wotupa deti isanakwane ndi nkhani ina, ameneyo anatenthedwa penapake. Chimatupitsa chivindikiro ndi mpweya wochokera ku yisiti yemwe wayamba kuchulukana mkatimo, makamaka mu yogati wa zipatso, ndipo yisiti amathamanga katundu akafunda. Ine ntchito yanga ndi yoona za ubwino wa zakudya ndipo chomwe ndimawauza anthu nthawi zonse ndi chakuti deti ya pa paketi wopanga anaiwerengera poganiza kuti katunduyo akhala pakati pa madigiri 0 ndi 5 kuchokera ku fakitale mpaka kwa wogula. Akangokhala maola angapo panja pa khomo kudikira forklift, masiku ena adyeka kale koma inki ya pa katoni siisintha. Nde mutha kukhala ndi FEFO yabwino kwambiri mu kompyuta koma mukutsatira deti yomwe siikunenanso zoona.

Chisomo: Amayi apo mwandikhudza. Koma cold room yathu, chipinda chozizira chomwe timasungiramo katundu, imaonetsa 3 kapena 4 pa khomo paja nthawi zonse, ndimayang'ana mmawa ndi madzulo ndikulemba.

aPhiri: Achimwene nambala ya pakhomo ija ndi ya mpweya womwe uli pomwe pali sensa, si ya katundu wanu. Ine ndimakonza ma cold room ndipo ndimaziona izi pafupipafupi, pakhomo 3 koma ukalowetsa themometa pakati pa mapaleti kukona yakutali upeza 8 kapena 9. Zifukwa zake si zachilendo ayi. Anthu amapanikiza mapaleti kukhoma, amasanja makatoni mpaka kutsogolo kwa mafani a evaporator (mashini oziziritsa mpweya mkatimo), mpweya wozizira umangozungulira pamwamba pompo nkubwerera ku sensa, mashini nkumaganiza kuti ntchito yatha. Siyani mpata pakati pa khoma ndi paleti, mpata pakati pa mizere, ndipo kutsogolo kwa mafani kusakhale kanthu. China ndi chitseko. Nthawi yopakira anyamata amachisiya chotsegula mwina ola lathunthu kuti asavutike, mpweya wofunda wachinyezi umalowa, chinyezicho chimakaundana pa koilo (timapaipi tozizira ta mu evaporator), koilo ikakutidwa ndi ayezi siikokanso kutentha bwino ngakhale kompresa ikulira usiku wonse. Makatani a pulasitiki aja a pakhomo ngati anang'ambika kapena anyamata anawamangirira mmbali, yambani ndi amenewo.

Limbani: Ndilowererepo ngati dalaivala poti mlandu umakonda kugwera ife. Thiraki ya firiji ntchito yake ndi kusunga kuzizira komwe katundu wakwera nako, siinapangidwe kuti izizilitse katundu wofunda. Mukandipakira mkaka uli pa 10 musayembekezere kuti ndikafika nawo uli pa 4, mashini aja mphamvu yake ndi yongolimbana ndi kutentha kolowa mmakoma ndi pa chitseko. Nde pamakhala kuti ku fakitale apakira katundu yemwe sanazizire bwino chifukwa oda yachedwa, ine ndafika kwa inu mwandiimika panja maola awiri chifukwa wolandira katundu wapita kukadya, kenako yogati akatupa aliyense akuloza dalaivala.

Mai Nabanda: A Limbani mwanena chilungamo. Nchifukwa chake pakhomo polandirira katundu ndi pomwe pali nkhondo yonse. A Chisomo, thiraki ikafika mumayeza?

Chisomo: Tili ndi kamfuti koyezera kutentha kaja ka infrared, timaloza pa makatoni.

Mai Nabanda: Kameneko kamangowerenga pamwamba pa chinthu chomwe mwaloza, ndiye kuti mukuyeza katoni osati yogati. Katoni imazizira msanga ikawombedwa ndi fani kwa mphindi zochepa pomwe mkatimo muli mofunda, komanso imafunda msanga chitseko chikatsegulidwa pomwe mkatimo muli bwinobwino, nde kakhoza kukunamizani mbali zonse ziwiri. Kagwiritseni ntchito pongofufuza mwachangu koma chigamulo chichokere pa themometa ya probe, ya kachitsulo kosongoka ija. Tsegulani katoni, lowetsani probe pakati pa mapaketi awiri muwapanikize, dikirani nambala ikhazikike. Yezani paleti ya kuchitseko, ya pakati ndi ya kutsogolo. Za mu firiji zisapitirire 5, za mu firiza zikhale pa -18 kapena kutsika kuposa apo. Mulembe pa pepala lolandirira katundu ndipo dalaivala asayine pomwepo asananyamuke. Probe yonso muziyiyesa, tengani kapu mudzaze ayezi wophwanya ndi madzi pang'ono, iwerenge 0, ikaphonya ndi kuposa digiri imodzi musaikhulupirirenso.

Pa nkhuku za mu firiza maso okha amathandizanso. Mukaona ayezi wambiri mkati mwa paketi, madzi ofiira ataundana pansi, kapena makatoni opindika ngati ananyowapo nkuumanso, ameneyo anasungunukapo panjira nkuundanitsidwanso, olo lero akuwerenga -18.

Yamikani: Ine ndili ku mbali yogula katundu ndipo ndinene mosabisa, izi zobweza thiraki nzosavuta kulemba pa foni. Mwayeza mwapeza 7, mubweza? Mawa mashopu akufuna mkaka, a sales akuimba foni mphindi iliyonse, sapulaya wina yemwe angabweretse lero lomwe palibe. Ukabweza bwana yemweyo akufunsa kuti watayitsa kasitomala chifukwa cha madigiri awiri.

Mai Nabanda: Achimwene a Yamikani ndikumvetsa ndipo sindikunena kuti china chilichonse chodutsa 5 chizibwerera pompo. Chomwe ndikukana ndi chakuti chigamulocho chizipangidwa ndi mnyamata wa pakhomo ali yekha, dalaivala akumukakamiza uku foni ikulira. Kampani ikhale ndi pepala lolembedwa kale lomwe bwana anasayina ndipo sapulaya analiona, lonena kuti mpaka apa timalandira, kuyambira apa mpaka apa timalandira koma katundu amaikidwa pambali kudikira woona za ubwino ndipo amatuluka msanga, kupitirira apa timabweza. Malirewo amasiyana malinga ndi katundu, tchizi cholimba chimapirira kuposa nkhuku yaiwisi kapena nsomba. Mukalandira mkaka wa pa 7 mwakachetechete nkuuika mu sitoko ndi deti yake yonse ngati palibe chachitika, kutayako mwangokusamutsa kuchoka kwa sapulaya kubwera kwa inu, ndipo pakatha sabata mlandu ukhala wa a Chisomo.

Yamikani: Apo pokha ndavomera, pepala likhalepo. Koma ndikufuna a sales nawonso asayine chifukwa ndi omwe amayamba kukuwa.

Thoko: A Yamikani poti mwabwera, mbali ina ya vutoli imayambira pa tebulo lanu, musandikwiyire. Katundu wina amakhala wotayika kale tsiku lomwe oda yalembedwa. Tiyerekeze yogati amafika kwa a Chisomo atatsala ndi masiku 21, mashopu omwe amawagulitsa salandira chotsala ndi masiku ochepera 14. Ndiye kuti masiku enieni omwe katunduyo angakhale mu weyahausi ndi 7 okha osati 21. Ngati pa tsiku amatuluka makatoni 30, oda isapitirire makatoni 210. Tsopano sapulaya akabwera ndi nkhani yoti mukatenga 400 tikutsitsirani mtengo, ogula amasangalala, koma makatoni 190 aja alibe kopita ngakhale cold room itakhala yabwino chotani. Pa zinthu zowola bola kuitanitsa pang'onopang'ono kawirikawiri, ndalama ya thiransipoti imakwera inde koma muiyerekeze ndi zomwe mukutaya.

Yamikani: Sindikukwiya achemwali, koma kuitanitsa pang'ono kulinso ndi msampha wake, thiraki ikachedwa tsiku limodzi shelefu yagwa mbee. Ndimayenera kusunga kena kapadera.

Thoko: Eya kapadera kakhalepo koma kawerengedwe. Zotuluka pa tsiku kuchulukitsa ndi masiku omwe sapulaya amatenga kuti afike, kuphatikiza kapaderako, pamenepo ndi pomwe mumaitanitsa. Kungoti pa zakudya zowola kapaderako kali ndi denga, sikangapose zomwe mungagulitse masiku aja asanathe. Pa shuga kapena zamzitini mutha kusunga za mwezi wonse osadandaula, pa mkaka wa fresh ayi. Ndipo musawerengere pa avereji ya mwezi yokha, onani tsiku ndi tsiku chifukwa zotuluka Lachisanu sizifanana ndi za Lachiwiri.

Madalitso: Nkhani ya masiku otsala ija ndi yaikulu kuposa mmene anthu amaionera. Ku Japan kuli chizolowezi chomwe amati lamulo la gawo limodzi mwa magawo atatu, katundu wokhala miyezi 6 amayenera kufika ku shopu miyezi 2 yoyamba isanathe, akachedwa shopu imakana ngakhale chakudyacho chili bwinobwino ndi miyezi 4 kutsogolo. Zinapezeka kuti zikutayitsa chakudya chambiri mpaka boma lawo linayamba kulimbikitsa mashopu kuti afewetse afike pa theka. Nde a Chisomo dziwani malire a kasitomala aliyense, wina amafuna masiku ambiri wina amalandira ochepa monga malo odyera omwe aphika lero lomwe. Bachi yotsala pang'ono ipite kwa ophika lero, yaitali ipite ku shopu yakutali.

Koma ine ndimafuna ndinene za zipatso ndi masamba poti ndi zomwe ndimagwira. Mwati mumasunga pang'ono, zili chipinda chimodzi ndi mkaka?

Chisomo: Eya chipinda ndi chimodzi, zili mbali yakumanzere. Nthochi, maapulo, tomato, nkhaka, letesi, broccoli, karoti ndi anyezi.

Madalitso: Mayo ine. Achimwene pamenepo pali zinthu zomwe zikuphana zokhazokha. Poyamba zipatso zilibe deti pa katoni ndipo zikadali zamoyo, zimapuma, zimatulutsa kutentha ndi madzi, nde FEFO yake ndi ya maso ndi manja, tsiku lililonse munthu azitsegula makreti nkuona zomwe zapsa kwambiri zituluke. Chachiwiri si zonse zimafuna kuzizira kwa mkaka. Nthochi zikatsika pansi pa madigiri 13 zimavulala, khungu limachita phulusa kenako kuda ndipo sizipsanso bwino, malo ake ndi 13 mpaka 14. Nkhaka pansi pa 10 zimachita timaenje nkuyamba kulowa madzi. Tomato wosapsa mukamuika pa 4 amataya kukoma ndipo sapsa bwino. Pomwe letesi ndi broccoli zimafuna pafupi ndi 0 ndi chinyezi chambiri, zikasowa chinyezi zimafota ndipo kulemera kumatsika, mugula makilo 100 mugulitsa ochepera popanda wakuba aliyense.

Chachitatu ndi mpweya wa ethylene. Maapulo, nthochi zakupsa, tomato, mapeyala zimautulutsa, ndi womwe umapsetsa zipatso. Ukafika pa broccoli amasanduka wachikasu, letesi amachita madontho ofiirira mmitsempha ya masamba, nkhaka zimayezuka, karoti amayamba kuwawa. Mu chipinda chotseka mpweyawu umangounjikana. Ngakhale utsi wa forklift ya gasi kapena dizilo uli ndi ethylene, nchifukwa chake mkati mwa cold room mumayenera kulowa ya batire. Anyezi naye fungo lake limalowa mu batala, mazira ndi mkaka. Ngati chipinda china palibe, bola nthochi, tomato ndi nkhaka muzichotse mu cold room muziike malo ozizirira bwino opita mphepo, ndipo muziitanitsa zochepa.

aPhiri: Ndiwonjezere pa za a Madalitso. Zipatso zikabwera ndi kutentha kwa kumunda nkulowetsedwa mu cold room yomwe inapangidwira kusunga zinthu zozizira kale, chipinda chonse chimakwera kwa maola angapo. Yogati yemwe ali pafupi amalandira kutentha kumeneko tsiku lililonse lomwe zipatso zafika. Mwina kutupa kwina kukuchokera pamenepo. Gulani ma data logger awiri kapena atatu, ndi tizipangizo tating'ono tolemba kuzizira mphindi zilizonse zomwe mwatchera, kamodzi muike pafupi ndi chitseko, kena kukona yakutali, kena pakati pa katundu. Pakatha sabata mutsitse mu kompyuta muone. Pa girafu mudzaona timapiri tating'ono nthawi ya defrost pomwe mashini amasungunula ayezi wa pa koilo, timeneto ndi tabwinobwino, koma mukaona phiri lalitali la maola atatu masana aliwonse kapena usiku wina magetsi atazima jenereta osayaka, mwapeza wakuba wanu. Kuyang'ana kawiri pa tsiku sikungakuonetseni zomwe zimachitika 2 koloko usiku.

Chisomo: Zikomo aPhiri. Nanga poti bajeti ya sisitimu yaikulu palibe, FEFO yo ndiyambe bwanji ndi zomwe ndili nazo?

Thoko: Excel ikukwanira poyambira. Mukhale ndi kolamu ya deti yothera, ina iziwerenga yokha masiku otsala, muike mitundu kuti zotsala pang'ono zizifiira. Mmawa uliwonse musanatulutse kanthu sanjani kuyambira zofiira, pepala lopita kwa anyamata lizinena bachi ndi malo, osangoti yogati makatoni 20. Pa paleti pamatidwe pepala lalikulu lolembedwa deti ndi maka yoti munthu aione ali pa forklift. Chifukwa kunena zoona mnyamata yemwe ali mu firiza pa -18 zala zitauma sangayambe kutembenuza makatoni kufunafuna tizilembo tating'ono, atenga chomwe chili pafupi ndi chitseko. Nde ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti chomwe chili pafupi ndi chitseko ndi choyenera kutuluka. Katundu watsopano akafika wakale asunthidwe abwere kutsogolo, ndi ntchito yotopetsa ndipo ndi yomwe anthu amaizemba thiraki ikafika madzulo.

Mukadzapeza sikana yowerengera barcode, onani makatoni ambiri ali kale ndi barcode yaitali ija ya GS1-128. Manambala a mmabulaketi aja ali ndi tanthauzo, 01 ndi nambala ya katundu, 10 ndi bachi, 15 ndi best before, 17 ndi deti yothera, ndipo deti imalembedwa chaka, mwezi, tsiku. Kusikana kamodzi zonse zalowa popanda kulemba pamanja. Polemba pamanja samalani ndi katundu wochokera ku America, iwo amayamba mwezi kenako tsiku, 03/08 kwa iwo ndi 8 March pomwe wina awerenga 3 August.

Komanso siyani kudikira kutha kwa mwezi kuti muwerenge sitoko. Yogati wa masiku 21 kumuwerenga kamodzi pa mwezi ndiye kuti mukukawerenga maliro. Zothamanga ndi zosachedwa kuwonongeka muziwerenga tsiku lililonse kapena kawiri pa sabata, mashelefu ochepa basi, za mu firiza mwina kamodzi pa mwezi.

Gift: Funso langa ndi la katundu yemwe deti yatsala pang'ono kapena yangopita kumene. Kwathu kuntchito ena amanena kuti ma deti ndi bizinesi chabe ya opanga, chakudya chimakhala chili bwino. Pena mpaka amafuna tifufute tidinde ina.

Mai Nabanda: Achimwene a Gift chonde dzanja lanu lisakhudze zimenezo, ndipo amene akukutumaniyo muuzeni alembe pa pepala asayine, muona akana. Kusintha deti ndi mlandu ndipo kukhoza kupha munthu. Pali zoona pang'ono pa zomwe akunenazo koma akuzisakaniza. Best before imanena za ubwino, bisiketi kapena pasta ikadutsa tsikulo mwina yangofewa kapena kukoma kwatsika, siidwalitsa. Use by ndi ya chitetezo, imaikidwa pa nyama, nsomba, mkaka wa fresh, masoseji ndi polony, imeneyo ikadutsa palibe kukambirana. Ndipo musadalire mphuno. Tizilombo towoletsa chakudya ndi tomwe timanunkhitsa, koma todwalitsa ngati Listeria ndi Salmonella sitisintha fungo kapena maonekedwe. Listeria ndi woopsa kwambiri kwa ife a cold room chifukwa amachulukana ngakhale mu firiji, pang'onopang'ono koma osaima, nde tsiku lililonse lowonjezera pa nyama yodya osaphika ndi tsiku lomupatsa mpata. Kumbukirani zomwe zinachitika ku South Africa mu 2017 ndi 2018, anthu oposa 1,000 anadwala listeriosis, matenda obwera ndi Listeria, ndipo oposa 200 anamwalira, kuphatikizapo makanda ambiri. Mu March 2018 nduna ya zaumoyo Aaron Motsoaledi inalengeza kuti gwero lake ndi polony wa ku fakitale ina ku Polokwane, katundu anaitanidwa kuti abwezedwe mpaka mmaiko oyandikana nawo. Tsiku ngati limenelo likafika funso lomwe weyahausi imafunsidwa ndi limodzi, bachi yakuti munailandira liti ndipo inapita kwa ndani. Ngati mu buku munangolemba makatoni 200 mulibe yankho.

Nsomba ngati tuna ndi mackerel zilinso ndi yake, zikafunda zimapanga histamine yemwe amadwalitsa wodya ndipo ameneyo sachoka olo muphike kapena muundanitsenso.

Gift: Nde chotsala masiku atatu tizichita nacho bwanji, kungotaya?

Mai Nabanda: Ayi, kutaya ndi komaliza. Nkhani ndi kuchiona msanga. Lipoti la zofiira lija lizipita kwa a sales mmawa uliwonse pomwe katundu akadali ndi masiku oti nkugulitsika, atsitse mtengo, apereke kwa ophika lero, kapena kampani ipereke kwa mabungwe othandiza anthu deti isanakwane ndipo kuzizira kusadukire panjira. Chovuta nchakuti ambiri amabisa mpaka tsiku lomaliza poopa kukalipiridwa.

Limbani: Kuopako kuli ndi chifukwa chake amayi. Malo ena chilichonse chowonongeka amadula pa malipiro a wa sitoko kapena dalaivala, nde munthu akaona katoni yotupa amaikankhira kuseri kuti ipezeke pa shifiti ya mnzake.

Yamikani: Zimenezo ndi zomwe zimapangitsa manambala a mu sisitimu kukhala abodza, ine nkumaitanitsa molakwika chifukwa ndikuona sitoko yomwe ilipo pa pepala koma yosagulitsika. A Chisomo pokakamba ndi bwana wanu musapite ndi mawu okha. Chotayidwa chilichonse chizilembedwa ndi chifukwa chake, deti yapita, chafika chofunda, chaphwanyika, chabwezedwa ndi kasitomala, taitanitsa zambiri. Pakatha mwezi muwerengere ndalama pa chifukwa chilichonse. Mwina mupeza kuti gawo lalikulu ndi la sapulaya mmodzi yemwe amabweretsa ma deti afupi, pamenepo ine wogula ndili ndi poyambira, ndikamuuza kuti chotsala ndi masiku ochepera akuti sitilandira ndipo zilowe mu mgwirizano. Bwana adziwenso kuti ziro kulibe pa ntchito imeneyi, a FAO, bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi, mu lipoti lawo la 2019 anati pafupifupi 14 peresenti ya chakudya cha dziko lonse imawonongeka kuchokera pokolola chisanafike mmashopu. Chomwe mungagwirizane ndi malire oti tikapitirira apa tikhale pansi.

Chisomo: Mwatchula zobwezedwa ndi makasitomala, zimenezo kwathu zimabwera ndi thiraki madzulo ndipo ngati deti ili bwino anyamata amazibwezera pa shelefu.

Mai Nabanda: Imeneyo isiyeni kuyambira lero achimwene. Katundu yemwe watuluka mmanja mwanu simukudziwa komwe wakhala, mwina anakhala pa khonde la shopu dzuwa likumuwomba, mwina firiji yawo inafa nchifukwa chake akubweza. Deti yake ikuoneka yabwino koma mbiri yake mulibe, ndipo mwa yogati wotupa uja ndikukayikira kuti wina ndi ameneyu. Patulani malo mkati mwa cold room, mujambule mzere wofiira pansi kapena muike khola lokiya, chilichonse chobwezedwa, chokayikitsa kapena chodikira chigamulo chizikhala mmenemo ndi pepala lake, ndipo mu Excel chichotsedwe pa sitoko yogulitsa kuti a Yamikani anu asachiwerengere. Wotulutsa mmenemo akhale munthu mmodzi yekha wodziwika.

Limbani: Pokhapokha ngati sichinatsike mu thiraki, monga shopu yakana pakhomo chifukwa oda inalakwika. Chimenecho chakhala mu kuzizira kwanga ulendo wonse.

Mai Nabanda: Chimenecho chikhoza kubwerera inde, koma chidutsebe pa mzere wofiira, tione logger ya thiraki yanu, tiyeze ndi probe ngati katundu wina aliyense wofika kumene. Zikakhala bwino chilowe ndi bachi yake yomwe ija, osachipatsa tsiku latsopano lolandirira.

Chisomo: Nanga masoseji aiwisi ndi tchizi zili shelefu imodzi, ndi vutonso?

Mai Nabanda: Zaiwisi pansi, zodya osaphika pamwamba, kuti madzi a nyama akadontha asagwere pa chinthu chomwe munthu akadye chomwecho. Nkhuku yaiwisi ikhale pansi penipeni. Ngati mashelefu alipo okwanira zipatseni mbali zosiyana, ndipo pansi pa simenti pasakhale katoni iliyonse, zonse pa paleti kuti tsache ndi mopu zizidutsa.